Chidendene, bondo ndi phiri la Michiru: mmene ndinaonera mafizo ndi Pilates mu Blantyre

Kwa pafupifupi chaka chathunthu phazi langa lakumanja linkakana kuponda pansi m'mawa. Ndinkatsika pabedi nditagwira khoma, ndipo kuchokera kuchipinda kukafika kukhitchini ndinkayenda motsimphina ngati munthu amene waponda minga, kufikira mtsempha wa kuseri kwa chidendene utafewa pang'ono. Masana ululu unkabisala, koma madzulo, ndikaweruka kusukulu kumene ndimaphunzitsa sitandade 6 n'kuyamba kukwera chitunda cha kwathu ku Chilomoni, unkabweranso pamodzi ndi mnzake wa m'bondo lakumanzere. Ndili ndi zaka 54, ndipo anzanga ambiri ankangoti, “Ndi nyamakazi imeneyo aphunzitsi, ukalamba wafika.” Ndinamwa indosidi ndi bulufeni mpaka m'mimba munayamba kutentha, ndinathowa ndi madzi otentha usiku uliwonse, ndipo azakhali anga a ku Chiradzulu anafika pondipezera munthu woti anditeme mphini. Koposa zonse chinandiwawa n'chakuti m'nyengo ya Lenti chaka chimenecho ndinalephera kukwera Njira ya Mtanda paphiri la Michiru, ulendo umene ndinali ndisanauphonyepo kwa zaka zambiri.

Nkhani ino ndi ya malo ena ochitira mafizo, olipira, amene ndinapitako kuyambira mwezi wa Juni mpaka Malichi wa chaka chotsatira, ndiponso ya kalasi ya Pilates, masewero ofatsa olimbitsa minofu, imene imachitikira pamalo omwewo. Dzina la malowa sindilitchula, chifukwa pali zina zimene ndidandaule, ndipo amene anandithandizawo ndi anthu wamba amene sanandipemphe kuti ndiwalembe. Ndinenenso poyambirira kuti mu Blantyre muno mafizo si a anthu andalama okha. Kuchipatala cha Gulupu kuli gawo la mafizo, ndipo pafupi ndi chipatalacho pali Kachere Rehabilitation Centre, kumene ambiri amene anachita sitiroko kapena kuvulala msana amaphunziranso kuyenda. Madokotala a mafizo akuphunzitsidwa konkuno chiyambire mu 2010, pamene College of Medicine inatsegula maphunziro amenewa, ndipo lero ali pansi pa sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Ine ndinasankha malo olipira pa chifukwa chimodzi chokha: amatsegula Loweruka ndiponso amagwira ntchito mpaka madzulo, nthawi imene mphunzitsi angapite popanda kusiya ana okha m'kalasi. Amene anandilozerako anali namwino wina wa mumphakati mwathu, ndipo anandichenjeza kuti ndikafunse ngati dokotalayo analembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Sindinavutike kufunsa, popeza chikalatacho chinali pakhoma.

Malowo ndi nyumba yokhalamo anthu imene anaisandutsa chipatala. Pabalaza pali mipando yodikirira ndi tebulo la mlembi, zipinda ziwiri zili ndi mabedi opimira, ndipo kuseri, kumene kale kunali galaja, ndiko kuli chipinda cha masewero olimbitsa thupi. Ndi malo aukhondo, ngakhale kuti m'mwezi wa Juni, chiperoni chikaphimba mzinda, simenti ya m'chipinda cha kusericho imazizira mpaka kulowa m'mafupa.

Tsiku loyamba ndilo limene ndimaliyamikira kwambiri, ndipo likanakhala lokhalo limene ndinalipira sindikanadandaula. Adokotala anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, koma anakhala nane ola lathunthu osayang'ana wotchi. Anandifunsa kuti ululu unayamba liti, kuti m'mawa kuuma kumatenga mphindi zingati, kuti ndimaima maola angati pabolodi, kuti ndimavala nsapato zotani, ndiponso ngati ndili ndi shuga kapena BP. Kenako anafunsa funso limene sindinaliyembekezere: “Amayi, m'miyezi yapitayi munamwapo cipro?” Nditayankha kuti ayi, anandifotokozera kuti mankhwala a ciprofloxacin ndi ena a m'gulu lake amatha kufooketsa mitsempha yotere mpaka kuduka, makamaka kwa achikulire ndi kwa amene akumwanso mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa prednisolone, ndipo anati tsiku lililonse ndikapatsidwa mankhwalawa ndizimuuza dokotala za chidendene changa. Ambirife cipro timamugula ngati panado tikangomva m'mimba, choncho mawu amenewa ndawabwereza kwa anthu ambiri chiyambire tsikulo.

Atatha kufunsa anandigoneka chafufumimba, mapazi akulendewera kumapeto kwa bedi, n'kufinya katumba wa mwendo kuti aone ngati phazi lisuntha. Linasuntha, ndipo anati zimenezo zikusonyeza kuti mtsempha sunaduke. Anatsina mtsemphawo pang'onopang'ono kuchokera pansi kukwera m'mwamba, ndipo atafika zala zitatu pamwamba pa chidendene ndinakuwa. Pamenepo panali kachotupa kolimba ngati nyemba, kamene ine mwini wake ndinali ndisanakazindikire. Kenako anandiimika pafupi ndi khoma, mwendo umodzi m'mwamba, kuti ndiziima pa zala za phazi ndi kutsikanso, iwo akuwerenga. Phazi lakumanzere linakwanitsa ka 18, lakumanja linalephera pa ka 5, mwendo wonse ukunjenjemera. Manambala awiriwo anawalemba pakapepala n'kundipatsa kuti ndikamate pakhoma kunyumba.

Kufotokoza kwawo kunali kwa Chichewa chomveka, ndipo ndikukumbukira mawu ake pafupifupi onse. Anati m'Chichewa timati mtsempha kutanthauza zinthu zitatu zosiyana, wa magazi, wotumiza uthenga ku ubongo, ndi uwu wolumikiza mnofu ku fupa, ndipo kusokoneza zitatuzi ndiko kumachititsa anthu kuthowa ndi kusisita chinthu chimene chikufuna chithandizo china. Wanga unali wachitatuwo, umene achipatala amautcha Achilles, mtsempha waukulu ndi wolimba kuposa ina yonse ya mtundu wake m'thupi, umene umanyamula kulemera kwa munthu kangapo pamene akuyenda ndi kukwera mtunda. Anauyerekeza ndi chingwe cha khonje chimene ulusi wake wayamba kusokonekera pakati chifukwa chosenzetsedwa katundu woposa mphamvu zake. Chingwe chenicheni chikatero chimatayidwa, koma mtsempha uli ndi moyo, ndipo umalukananso ngati ukupatsidwa katundu woyezedwa bwino, wowonjezeredwa pang'onopang'ono. Ukaupumitsa kotheratu umafookeratu, ndipo ukadzayambanso kuyenda ululu umabwerera pomwepo. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene holide ya Disembala, imene ndinangokhala pamkeka milungu iwiri, sinandithandize kanthu. Anawonjezera kuti mtsempha sulandira magazi ambiri ngati mnofu, choncho umachira mochedwa, ndipo anandiuza mosabisa kuti ndisayembekezere kusintha kwenikweni miyezi itatu isanathe. Za jakisoni wa steroid wochepetsa kutupa, amene mnzanga wina anandiuza kuti amachotsa ululu tsiku lomwelo, anati pamtsempha umenewu iwo salimbikitsa, chifukwa angaufooketse.

Za bondo sanachedwe nazo. Anati kwa munthu wopitirira zaka 45, amene bondo limamupweteka akamagwira ntchito ndipo kuuma kwa m'mawa sikupitirira mphindi 30, nthawi zambiri n'kuperepeseka kwa chichereŵechereŵe cha m'mfundo, ndipo sipafunika kuthamangira X-ray. Ndalama imene ndinasungira kujambulitsa inapulumuka motero.

Ntchito yeniyeni inali ya kunyumba. Milungu iwiri yoyamba ndinkangoima pa zala za mapazi onse awiri nditagwira kumbuyo kwa mpando, kukwera pang'onopang'ono ndi kutsika pang'onopang'ono, ka 15 maulendo atatu, m'mawa ndi madzulo. Kenako anandisamutsira pasitepe ya pakhonde: kuponda m'mphepete ndi zala zokha, kukwera ndi mapazi onse awiri, kenako kunyamula lakumanzere n'kutsika ndi lodwala lokha mpaka chidendene chitapitirira sitepe. Anati njira imeneyi inatchuka chifukwa cha dokotala wa ku Sweden, Håkan Alfredson, amene mu 1998 anasindikiza zotsatira za anthu 15 okonda kuthamanga amene anawachititsa zimenezi ka 180 tsiku lililonse kwa milungu 12, bondo litawongoka ndiponso litapindika, ndipo onse anabwerera kothamanga. Kwa ine anachepetsa chiwerengerocho, poti sindine wothamanga ndipo bondo linalo silikanalola, koma mfundo yake inali yomweyo. Anandichenjezanso kuti amene ululu wake uli pansi penipeni, pamene mtsempha umalowa m'fupa la chidendene, asatsike kupitirira sitepe, koma achitire pamalo athyathyathya. Ichi ndicho chifukwa chake sindifuna kuti wowerenga angotengera zimene ndalembazi asanapimidwe, popeza malo a ululu amasintha chochita.

Chimene chinandilimbitsa mtima ndi lamulo la ululu limene anandipatsa. Anati ndiziyeza ululu kuyambira pa 0 mpaka pa 10, ndipo pochita mafizo ukafika pa 4 kapena pa 5 ndisaope, bola pofika m'mawa wotsatira ukhale utabwerera pamene unali. Ukaposa apo, kapena kuuma kwa m'mawa kukawonjezeka, ndiye kuti katundu wachuluka, ndibwerere m'mbuyo pang'ono koma ndisasiye. Ndinagula kope la masamba 40 n'kujambula mizere ngati rejisitala ya m'kalasi, ndipo m'mawa uliwonse ndisanatenthe madzi a tiyi ndinkalembamo nambala ya ululu ndi mphindi za kuuma. Mlungu wachisanu anandiuza kuti ndiyambe kubereka katundu. Ndinatenga chikwama cha kusukulu cha mdzukulu wanga n'kuikamo chigubu cha malita 5 chodzaza madzi, ndiye kuti makilogalamu 5, ndipo m'bandakucha, anthu a kumsika akudutsa pamsewu, ine ndinali pasitepe ya pakhonde, dzanja limodzi pachipilala, chigubu chikuchita khuvukhuvu kumsana, ndikuwerenga chamumtima mpaka 15. Pambuyo pake malita anakhala 8, kenako 10.

Mlungu wachisanu ndi chiwiri kunagwa maliro kwa aneba. Masiku awiri ndinaima pamoto ndi amayi anzanga, kutunga madzi ndi kuphika, ndipo tsiku loika ndinayenda wapansi mpaka kumanda nditavala mapatapata. M'mawa wake nambala ya m'kope inalumpha kuchoka pa 2 kufika pa 7, ndipo ndinakhala m'mphepete mwa bedi misozi ikulengeza, poganiza kuti ntchito yonse ya milungu isanu ndi umodzi yapita m'madzi. Ndinalemba uthenga pa WhatsApp ndipo adokotala anayankha pasanathe ola. Anati, “Musadandaule amayi, mtsempha wangokwiya, sunawonongeke. Siyani chigubu masiku atatu, chitani ndi mapazi onse awiri pamalo athyathyathya, ndipo mapatapatawo muwasiyire kubafa.” Tsiku lachinayi nambala inatsika kufika pa 3. Uthenga umenewo sanandilipiritse, ndipo ndikukhulupirira kuti pakanapanda iwo ndikanasiya pomwepo n'kubwerera ku indosidi. Loweruka lotsatira ndinapita ku kaunjika mumsika wa Limbe n'kugula nsapato zotseka zokwera pang'ono kuchidendene, monga anandilangizira.

Tsopano ndinene zimene sizinandisangalatse, ndipo choyamba ndi nkhani ya makina. Pamalopo pali makina a ultrasound amene amayendetsa pakhungu atapaka mafuta ozizira, ndi ena amagetsi amene amamata tizigamba n'kumanyerenyetsa mnofu. Ulendo wachiwiri, adokotala anga atachokapo, wogwira ntchito wina anandigoneka pabedi, n'kundiika makinawo kwa mphindi 20, ndipo potuluka mlembi anandiuza kuti ndilipire ndalama yowonjezera, komanso kuti kuli bwino ndilipiriretu maulendo 10 a makina pamtengo wotsikirako. Palibe amene anandifunsa kapena kundiuza mtengo ndisanagone. Makinawo amamveka bwino pathupi, ndipo munthu wotopa amaona ngati walandira chithandizo chenicheni, koma m'kope langa nambala ya m'mawa wotsatira sinasinthe. Nditawafunsa adokotala anga ulendo wachitatu, anandiyankha moona mtima kuti makinawo angatonthoze ululu kwa kanthawi koma samanga mphamvu, ndipo ananditchulira kuti bungwe la zaumoyo la NICE la ku Britain, m'malangizo ake a mu 2022 okhudza kuperepeseka kwa mfundo, linati makina oterewa asamaperekedwe chifukwa umboni wake ndi wosakwanira, pamene masewero olimbitsa minofu linawaika patsogolo. Ndinawalemekeza chifukwa cha yankho limenelo, koma zikundivuta kumvetsa kuti nyumba imodzi izilankhula ndi pakamwa pawiri, m'chipinda chopimira kunena china, patebulo la mlembi kugulitsa china. Ndinaona agogo ena atatsika pa kabaza ndi ndodo yawo akulipira maulendo 10 amenewo, ndipo mtima unandipweteka.

Chachiwiri ndi nthawi ndi mitengo. Kawiri konse ndinadikira kupitirira mphindi 40 ngakhale ndinali nditapangana nawo ola, ndipo mtengo unakwera pakati pa chithandizo popanda chidziwitso, moti tsiku limenelo ndinachita kuimbira mwana wanga kuti anditumizire yowonjezera pa Mpamba. Kukwera kwa mitengo sikudabwitsa munthu aliyense wokhala m'dziko muno chigwere ndalama ya kwacha mu Novembala 2023, koma uthenga umodzi wa pafoni ukanakwanira kundikonzekeretsa. Ulendo umodzi wokha umadya ndalama imene kwa mphunzitsi wa pulayimale ndi yofuna kuganizira kawiri. Chimene chinandipulumutsa n'chakuti adokotala anga sanandikakamize kubwera mlungu uliwonse. Nditawauza za thumba langa, anatalikitsa maulendo, poyamba mlungu ndi mlungu, kenako milungu iwiri, kenako mwezi, moti m'miyezi yonseyo ndinaonana nawo ka 10 kokha. Chachitatu n'chaching'ono koma chofunika: mapepala a zithunzi za masewero amene amapereka onse ndi a Chingerezi. Ine ndimawerenga, koma agogo a ndodo aja anatuluka ndi pepala limene sakanalimva.

Pilates ndinayamba mu Ogasiti, mtsempha utayamba kumvera, ndipo anandilowetsa ndi adokotala omwewo chifukwa cha bondo. Anati minofu ya m'chiuno ndi ya m'matako mwanga inali yofooka, moti ndikamatsika sitepe bondo linkagwera mkati, ndipo anandionetsa zimenezo pagalasi. Dzina la masewerowa ndi la munthu, Joseph Pilates, amene anabadwira ku Germany mu 1883. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anatsekeredwa pamodzi ndi anzake a ku Germany pachilumba cha Isle of Man, ndipo kumeneko ankaphunzitsa anzakewo masewero olimbitsa thupi. Pambuyo pake anasamukira ku New York n'kutsegula malo ake, kumene kunkabwera akatswiri ambiri ovina, ndipo anamwalira mu 1967. Masewero ake ambiri amachitika munthu atagona pamati, mwapang'onopang'ono, motsatana ndi mpweya, ndipo cholinga chake ndi kulimbitsa minofu ya pamimba, ya msana ndi ya m'chiuno imene imagwira thupi pamene manja ndi miyendo zikugwira ntchito. Palinso bedi lotsetsereka lokhala ndi masipuling'i, lotchedwa reformer. Pamalo athuwa lilipo limodzi, ndipo limalipiridwa padera. Ndinaligwiritsa ntchito kawiri ndipo ndinalikonda, koma sindinaone kuti likundipatsa chimene mati ndi labala yokoka polimbitsa minofu sizikanandipatsa.

Tsiku loyamba ndinachita manyazi ndi zovala. Ndinavala buluku lofewa n'kumangira chitenje pamwamba, ndipo nditaona kuti m'kalasimo muli abambo awiri, ndinasankha mati a pakona. Mphunzitsi wa kalasiyo, mayi wa zaka za m'ma 30, sananene kanthu za chitenjecho, anangondisonyeza mmene ndingachimangire kuti chisandikole miyendo. Luso lake lalikulu ndi la mawu. Pofuna kuti tigwire minofu ya pansi pa mchombo amati, “Kokani mimba pang'ono ngati mukumanga chitenje, koma musaleke kupuma,” ndipo aliyense amamva nthawi yomweyo. Pofuna kuti tinyamule chiuno titagona chagada, maondo atapindika, amati tichotse msana pamati fupa limodzilimodzi ngati tikumatula chimanga pachitsononkho mzere ndi mzere. Masewero amene anandigwira kwambiri ndi ogona chammbali n'kumatsegula bondo la pamwamba mapazi ali pamodzi. Amaoneka ngati achibwana, koma pofika ka 12 m'mbali mwa thako mumayaka moto, ndipo pamenepo ndinavomereza kuti mnofu umenewo unali utagona zaka zambiri.

Patapita milungu isanu ndi itatu ndinayamba kuona kusintha pa zinthu zazing'ono za tsiku ndi tsiku. Kudzuka pamkeka sikunafunenso kugwira munthu, kugwada m'tchalitchi kunayamba kutheka ngakhale kwa kanthawi kochepa, ndipo msana, umene unkalemera ndikachonga makope 70 nditawerama, unapepuka. Komabe ndikufuna kunena momveka kuti Pilates sindiye amene anachiritsa mtsempha wa chidendene changa. Munthu atagona pamati katumba sasenza katundu wokwanira kulimbitsa mtsempha umenewo, ndipo mlungu umene ndinadalira kalasi yokha n'kunyalanyaza sitepe ya pakhonde, kuuma kwa m'mawa kunabwerera. Ngakhale pa nkhani ya msana, kafukufuku wa bungwe la Cochrane wa mu 2015 anapeza kuti Pilates amathandiza kuposa kungokhala osachita kanthu, koma sanapeze umboni wotsimikiza kuti amaposa masewero ena olimbitsa thupi. Phindu lake kwa ine linali lakuti ndi ofatsa, safuna kudumpha, ndipo kukhala pagulu kunandichititsa kuti ndisajombe. Amene alibe ndalama ya kalasi asaone ngati chitseko cha kuchira chatsekeka, pakuti masewero anayi kapena asanu amene anandithandiza kwambiri amatheka pamkeka kunyumba, munthu akangophunzitsidwa bwino kamodzi kapena kawiri.

Vuto la kalasiyi ndi kuchuluka kwa anthu Loweruka m'mawa. Chipinda chokwana anthu 8 chimalandira 14, mati amagundana, ndipo mphunzitsi mmodzi sangaone msana wa aliyense. Tsiku lina tinauzidwa kuchita masewero ogwada ndi manja pansi, ndipo palibe amene anakumbukira za bondo langa mpaka nditakweza dzanja ndekha. Linatupa masiku awiri. Anthu atsopano amalowanso m'kalasi osafunsidwa za matenda awo, pamene ena mwa masewerowa, makamaka opinda msana kwambiri kutsogolo, si abwino kwa munthu amene mafupa ake anayamba kufooka, monga zimachitikira amayi ambiri akasiya kusamba. Nditadandaula, mphunzitsiyo anapepesa ndi mtima wonse n'kundisamutsira ku kalasi ya Lachitatu madzulo, imene imakhala ndi anthu 6 kapena 7, ndipo kumeneko amafika pa aliyense n'kumukonza ndi dzanja. Amene akufuna kuyamba apemphe kalasi yaing'ono, ndipo anene matenda ake onse asanagone pamati, ngakhale asanafunsidwe.

Pali ululu wina umene suyenera kuyambira ku mafizo kapena ku Pilates, ndipo adokotala anga anandiuza kuti ndiziwauza anzanga. Mfundo ikatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, munthu akumvanso malungo m'thupi, apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mungakhale mafinya. Munthu akamva kuti phwa kuseri kwa chidendene, ngati wina wamumenya ndi mwala, kenako n'kulephera kuima pa zala, mtsempha ungakhale utaduka, ndipo kuchedwa kumavutitsa chithandizo. Msana wopweteka usiku, pamodzi ndi kuonda ndi kutuluka thukuta, ungakhale TB ya m'mafupa, imene kuno kwathu si yachilendo. Ndiponso mfundo za zala za manja onse awiri zikamatupa ndi kuuma kupitirira ola m'mawa, imeneyo ndi nyamakazi ya mtundu wina imene imafuna mankhwala ake msanga.

Pofika mu Okutobala, kutentha kutafika pachimake, kuuma kwa m'mawa kunali kutatsika kuchoka pa mphindi 20 kufika pa 3, ndipo bulufeni ndinali nditamusiya kalekale. Bondo likavuta ndimangopaka diclofenac wa m'chubu. Ndinachepetsanso shuga wa mu tiyi ndi mtanda umodzi wa nsima madzulo, adokotala atandiuza kuti kilogalamu imodzi imene munthu wataya imachotsa pafupifupi makilogalamu 4 pa katundu amene bondo limasenza pa kuponda kulikonse. Mu Januwale anayamba kundikonzekeretsa phiri, kundiuza kuti ndiziyenda mtunda wa kwathu mphindi 15, kenako 25, kenako 40, tsiku lina kuyenda, tsiku lina kupuma. Ulendo wanga womaliza kwa iwo anandiimikanso pakhoma lomwe lija n'kuwerenga. Phazi lakumanzere linakwanitsa ka 21, lakumanja ka 19, ndipo anandipempha kapepala kakale kaja kuti alembe manambala atsopano pansi pa akale.

Lachisanu lachitatu la Lenti ndinakwera Njira ya Mtanda pamodzi ndi amayi a mumphakati mwathu, nditavala nsapato za ku kaunjika zija, ndodo ili m'manja chifukwa cha miyala yoterera ndi mvula. Ndinapuma kawiri pokwera, ndipo potsika bondo linandikumbutsa kuti lilipo, moti ndinatsika chammbali m'malo otsetsereka kwambiri. Pamtanda pamwamba ndinagwada pamodzi ndi anzanga mpaka mapemphero atatha, nyumba za Chilomoni zikuoneka pansi pathu. M'mawa wake ndinalemba 3 m'kope, ndipo Lamlungu inabwerera pa 1. Kalasi ya Lachitatu ndimapitabe kawiri pamwezi pamene thumba lalola, maulendo 10 a makina aja sindinawagule, ndipo chigubu cha malita 10 chili pakhonde, pamene ndimachibereka Lolemba, Lachinayi ndi Loweruka.